Akudulani kale msonkho, koma masamu ake sanathe

Lero tisiye kaye za silabasi ndi za mayeso. Ndikufuna tikambirane za msonkho, makamaka mbali imene ambirife sitimaikamba: zimene zimachitika chaka cha msonkho chikatha, pamene munthu amayenera kukhala pansi n'kuwonkhetsa kuti aone ngati boma liyenera kumubwezera ndalama, kapena ngati iyeyo ndiye ali ndi ngongole ku boma.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyasamula. Ife ogwira ntchito yolembedwa tinazolowera kuti msonkho umangochitika wokha ngati kutuluka kwa dzuwa. Payslip ikafika, maso amathamangira mzere wapansi kuti tione zimene zatsala. Pamwamba pake pali PAYE, pali za penshoni, pali za bungwe la aphunzitsi, pali ngongole ya kubanki ndi ya ku SACCO. Timapukusa mutu, n'kuipinda, n'kuiponya m'dirowa. Kwa munthu amene ndalama zake zonse zimachokera kwa bwana mmodzi chaka chonse, kuteroko sikulakwa kwenikweni, chifukwa PAYE imene amadulidwa mwezi ndi mwezi nthawi zambiri imakwanirana ndi msonkho wake wa chaka chonse.

Koma tinene zoona, ndi aphunzitsi angati amene akudalira malipiro okha masiku ano? Wina akaweruka amakaphunzitsa ku pulayiveti. Wina ali ndi kanyumba ka lendi ku Chinsapo kapena ku Bangwe. Wina analemba kabuku ka mafunso ndi mayankho ndipo osindikiza amamupatsa kangachepe. Wina patchuthi amaitanidwa ndi mabungwe kukaphunzitsa kumisonkhano kapena kumasulira mapepala. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndipo maiwe akachuluka, masamu a msonkho nawo amasintha.

Mfundo yanga lero ndi imodzi yokha. Ndalama imene amakudulani pokulipirani si chigamulo chomaliza, ndi chikole chabe. Boma limatengeratu kenakake ndalamayo isanafike m'manja mwanu, podziwa kuti ikalowa m'thumba kuitulutsa n'kovuta. Koma msonkho weniweni umawerengedwa pa ndalama zonse zimene munthu wapeza m'chaka chathunthu. Chaka chikatha, zimene munadulidwa zija amaziyerekeza ndi zimene munayenera kupereka. Zikapitirira, chotsalacho ndi chanu. Zikaperewera, muyenera kuwonjezera.

Chaka cha msonkho kuno kwathu chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi n'kutha mu Juni, koma boma linasintha kuyambira mu 2022. Chikatha, munthu amakhala ndi masiku 180, kutanthauza mpaka cha kumapeto kwa Seputembala, oti apereke ku Malawi Revenue Authority fomu yofotokoza ndalama zimene wapeza, ija amaitcha kuti return.

Poti ndine mphunzitsi wa masamu, ndiloleni nditenge choko. Ndigwiritsa ntchito manambala a chaka cha 2024/25, chifukwa ndi chaka chimene chinatsekedwa kale. Nduna ya zachuma imasintha manambalawa nthawi ndi nthawi, ndiye mukamawerengera zanu muzitenga a chaka chimene mukuwerengeracho. Kumbukirani kuti ndalama yosadulidwa msonkho inali K45,000 pamwezi mu 2019, inakwera kufika K100,000 mu 2020, kenako K150,000 mu Epulo 2024.

M'chaka chimenecho makwerero ake anali otere. K150,000 yoyamba pamwezi sinkadulidwa kalikonse. K350,000 yotsatira, kufika pa K500,000, inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Kuchokera pamenepo mpaka K2,550,000 inali K30 pa K100 iliyonse, ndipo yopitirira apo K35. Tikachulukitsa ndi miyezi 12, ndiye kuti pachaka K1,800,000 yoyamba inali yaulere, kuchoka apo mpaka K6,000,000 inali pa 25 peresenti, ndipo yopitirira K6,000,000 inkalowa pa 30 peresenti.

Tsono tiyerekeze anthu awiri amene agwira ntchito yofanana ndendende. Bungwe lina lawapatsa ntchito yolemba mabuku ophunzitsira, ndipo aliyense walipidwa K1,000,000 m'chakacho. Polipira, bungwelo ladula withholding tax ya 20 peresenti monga lamulo linkanenera pa malipiro a mtundu umenewu. Aliyense wadulidwa K200,000 ndipo walandira K800,000. Onse awiri adandaula mofanana, onse awiri apita kwawo akuganiza kuti nkhani yatha.

Woyamba ndi mphunzitsi wa m'boma, tinene kuti amalandira K450,000 pamwezi asanadulidwe. PAYE yake ndi 25 peresenti ya K300,000, imene ndi K75,000 pamwezi, kapena K900,000 pachaka. Malipiro ake a chaka ndi K5,400,000. Tikaphatikiza K1,000,000 ija, wapeza K6,400,000. Msonkho wake weniweni ndi uwu: pa K1,800,000 yoyamba palibe, pa K4,200,000 yotsatira ndi K1,050,000, pa K400,000 yotsalayo imene yakwera pa 30 peresenti ndi K120,000. Zonse pamodzi K1,170,000. Nanga wapereka kale zingati? K900,000 ya PAYE ndi K200,000 ya withholding, zimene ndi K1,100,000. Ndiye kuti mnzathuyu, amene ankadandaula kuti amudula kwambiri, ali ndi ngongole ya K70,000.

Wachiwiri ndi mtsikana amene wangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi ndipo akudikira kuti boma limulembe ntchito. Chaka chonsecho sanapeze ndalama ina kupatula K1,000,000 imeneyi. Ndalamayi sinafike n'komwe pa K1,800,000 yaulere ija. Msonkho wake weniweni ndi ziro. K200,000 yonse imene anadulidwa ndi yake, ndipo ali ndi ufulu wokaipempha kuti ibwezedwe.

Mwaiona nkhani yake? Ntchito imodzi, malipiro amodzi, kudulidwa kumodzi. Koma wina atuluka ndi ngongole, wina atuluka ndi chenji. Wodula uja sangadziwe zimenezi, chifukwa iye amangoona ndalama imene akulipira, saona moyo wonse wa munthu amene akumulipirayo. Amene angasonkhanitse zidutswa zonse n'kuziika pamodzi ndi mwini wake yekha.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti amene ayenera kubwezeredwa nthawi zambiri ndi anthu amene ali ndi zochepa: wachinyamata amene sanapeze ntchito yokhazikika, mayi wamasiye amene amadalira lendi ya nyumba imodzi imene kampani ina ikuchita lendi n'kumadula msonkho isanamulipire, munthu wa maganyu a m'mabungwe amene amagwira miyezi iwiri n'kukhala miyezi khumi. Anthu amenewa ndi amenenso sadziwa kuti khomo lobwezera ndalama lilipo. Makampani aakulu ali ndi maakauntanti amene salola ngakhale tambala imodzi kugona kunja. Wosauka ndi amene amasiya yake.

Chitsanzo cha mtsikana uja sindinachitole m'mwamba. Mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa, amene tsopano ndi mayi wa mwana mmodzi, anandipeza tsiku lina kumsika n'kundiuza kuti anagwirako ntchito yofunsa anthu mafunso m'midzi kwa miyezi itatu. Ndinamufunsa ngati anamudula msonkho. Anati, "Eee aphunzitsi, anadula ndithu, koma nanga n'kutani? Za boma zikapita zapita." Ndinamufunsa ngati anamupatsa satifiketi yosonyeza kuti amudula. Anati anamupatsa kapepala kena koma sakudziwa kumene anakaika. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, kapepala kameneko ndi ndalama. Pita ukakafunefune ngati mmene ungafunire K5,000 imene yagwera kuseri kwa bedi." Anakapeza m'kati mwa buku la nyimbo.

Pali njira zinanso ziwiri zimene masamuwa amasokonekera, ndipo zonse zimatikhudza ife aphunzitsi.

Yoyamba ndi ya munthu amene wagwira ntchito mbali chabe ya chaka. PAYE imawerengedwa mwezi ndi mwezi, ngati kuti munthuyo alandira ndalama yomweyo miyezi yonse 12. Tiyerekeze amene anayamba ntchito mu Okutobala 2024 pa K450,000, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ya chakacho analibe chilichonse. Pofika mu Malichi wapeza K2,700,000 ndipo wadulidwa K450,000. Koma pa masamu a chaka chonse, K1,800,000 ndi yaulere, yotsala ndi K900,000, ndipo 25 peresenti yake ndi K225,000. Wadulidwa kawiri kuposa pamenepo. Chimodzimodzinso amene ntchito yamuthera pakati pa chaka n'kukhala osapeza ina. Anthu otere ali ndi chifukwa chokwanira chopitira ku ofesi ya msonkho ndi mapepala awo.

Yachiwiri ndi yoopsa, ndipo ndikupempha anzanga a ku pulayiveti mumvetsere. Tiyerekeze mphunzitsi wathu wa K450,000 uja akuphunzitsanso madzulo pasukulu ina imene imamupatsa K150,000 pamwezi. A kalaliki a pasukulupo ayang'ana ndalamayo n'kunena kuti, iyi sikufika podulidwa, ndipo amupatsa yonse. Iye akondwa. Koma gawo laulere lija munthu amapatsidwa kamodzi kokha, osati kwa bwana aliyense. Analidya kale pa malipiro a m'boma. Pamwezi iye akupeza K600,000, ndipo msonkho wake ndi K87,500 kuphatikiza K30,000, zimene ndi K117,500. Akudulidwa K75,000 yokha. Mwezi uliwonse pakutsala K42,500, ndipo chaka chikamatha yafika K510,000. Imeneyi ndi ngongole yoposa malipiro ake a mwezi wathunthu, ndipo ikukula iye akugona tulo tabwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwanu, chifukwa mu staffroom mwathu linafunsidwa mokweza. Mnzanga wina wa Geography anati, "Achimwene, ndiye mukuti ndinyamuke ndekha, ndilipire minibasi, ndikadzipereke kuti ndili ndi ngongole? Mbuzi inayamba yapita yokha kwa wopha nyama?" Tonse tinaseka, koma funsolo ndi lenileni ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachibwana.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Msonkho unafika m'dziko muno ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, ngati msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu. Cholinga chake china chinali kukakamiza anthu kuti akagwire ntchito m'minda ya azungu, moti pambuyo pake amene wagwirako ntchito kwa mzungu ankalipira wochepa kuposa amene wakhala pamudzi. Titalandira ufulu mu 1964, msonkho wa mwamuna aliyense wamkulu unapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ife a zaka za m'ma 40 tikukumbuka tili ana mmene amuna ankazimiririra m'tchire akamva kuti amesenjala alowa m'mudzi kudzaona makadi a msonkho. Palibe ankamva zoti msonkho ungabwerere kwa mwini wake. Unali njira yopita kokha. Maganizo amenewo tinayamwa, ndipo ngakhale MRA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000, ndi yosiyana ndi amesenjala aja, miyendo yathu ikadali yokonzeka kuthawa.

Yankho langa kwa mnzanga uja lili pawiri. Choyamba, mlandu suola. Kale mapepala ankasochera m'mafayilo, koma tsopano zambiri zimadutsa pa kompyuta kudzera pa Msonkho Online, ndipo bungwe lililonse likamapereka msonkho umene ladula limatchula amene lamudula. Dzina lanu likhoza kukhala kuti lili kale kumeneko inu musanapiteko. Ngongole ya msonkho ikachedwa imabala chilango ndi chiwongoladzanja, ndipo imakonda kutulukira pa nthawi yoipa, monga pamene mukufuna satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho kuti muchite bizinesi ndi boma kapena kusinthitsa umwini wa malo. K70,000 imene mwaidziwa mu Epulo, muli ndi miyezi yoti muisonkhanitse pang'onopang'ono, ndi yopepuka kuposa ndalama yomweyo itakula n'kukupezani mu Januwale, ana akufuna fizi, feteleza wachiwiri asanagulidwe.

Chachiwiri n'chakuti amene amadzaza fomu yekha amakhala ndi mpata wonena mbali yake. Pa ndalama za bizinesi, za lendi kapena za ntchito yapadera, lamulo limalola kuchotsera zimene mwawononga kuti mupeze ndalamazo. Ngati pa ntchito yolemba mabuku ija munalipira thiransipoti, kusindikiza ndi intaneti, ndipo malisiti ake alipo, msonkho umawerengedwa pa zotsala. Ngati nyumba ya lendi munaikonza denga kapena munalipira msonkho wa malo ku khonsolo, zimenezo zimachotsedwa. Mphunzitsi wathu wa ngongole ya K70,000 uja atasonyeza malisiti ovomerezeka a K200,000, ngongole yake ingatsike ndi K60,000 n'kutsala K10,000 yokha. Koma wopanda lisiti alibe pakamwa.

Pali chinanso chimene sindingachibise. Ife timaima kutsogolo kwa ana n'kumawaphunzitsa za ufulu ndi udindo wa nzika. Malipiro athu amachokera ku msonkho womwewu. Tikhoza kukwiya, ndipo tili ndi zifukwa, tikamva za ndalama za boma zimene zinabedwa, monga zija za Cashgate mu 2013, pamene ife tikuphunzitsa ana 90 m'kalasi yopanda madesiki okwanira. Mkwiyo umenewo ndi woyenera. Koma ine ndimaona kuti munthu amene wawerengera msonkho wake mpaka pa tambala, amene akudziwa kuti chaka chino wapereka K1,170,000, amafunsa mafunso mosiyana ndi amene amangoti "amatidula". Woyambayo amalankhula ngati mwini ndalama. Ndipo ngati tikufuna kuti boma lizibweza msanga zimene latenga mopitirira, sitingakhale anthu okonda masamu pokhapokha pamene yankho lake latikomera.

Tsono tichite chiyani? Sindine akauntanti, ndine mphunzitsi, ndiye ndingokupatsani homuweki.

Pezani TPIN yanu, nambala imene a MRA amakudziwirani nayo. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo mumafunika chiphaso cha unzika. Aliyense amene akukulipirani n'kukudulani msonkho mupatseni nambalayo, kuti ndalama yodulidwayo ikalembedwe pa dzina lanu osati kungoyandama.

Mukadulidwa withholding tax, funsani satifiketi yake tsiku lomwelo. Musachite manyazi, si chifundo chimene akukuchitirani, ndi udindo wawo. Mnzathu wina anaphunzitsa chaka chathunthu pasukulu ina ya pulayiveti imene inkamudula mwezi uliwonse. Atapita kukafuna masatifiketi, anayamba kumuuza kuti abwere mawa, akauntanti wachoka, bwana ali kumaliro. Mpaka lero sanawaone, ndipo palibe umboni woti ndalamazo zinafika kumene zinkayenera kupita. Wodula amene akukana kupereka pepala, mukayikireni.

Gulani envelopu yaikulu ya khaki, mulembepo chaka, monga 2025/26. Muziponyamo ma payslip onse, masatifiketi, malisiti ndi mapangano a lendi. Chaka chikatha muitseke, muisunge, mutsegule ina. Satifiketi ya MSCE timaisunga m'sutikesi pansi pa zovala za ukwati, koma pepala la ndalama timakulungira mandasi.

Mu Epulo khalani pansi ndi pensulo kwa ola limodzi. Wonkhetsani zonse zimene mwapeza, chotsani zowonongedwa zimene muli ndi umboni wake, dutsitsani zotsalazo pa makwerero a chaka chimenecho, kenako chotsani zimene munadulidwa kale. Ndi masamu a Fomu 2, ndipo amene munakhala m'kalasi mwanga musandichititse manyazi. Dziwaninso kuti pali misonkho ina imene ikadulidwa nkhani imathera pomwepo, monga wa phindu la masheya a kampani, ndiye imeneyo musaiphatikize.

Ngati mukupeza ndalama yapambali imene sikudulidwa kapena ikudulidwa mochepera, muzipatula kenakake mwezi uliwonse, kaya ku SACCO kaya ku akaunti ina imene simuikhudza. Ndalama imeneyo si yanu, mukungoisunga.

Ngati masamu akusonyeza kuti muyenera kubwezeredwa, perekani fomu yanu pa nthawi yake pamodzi ndi umboni, ndipo musunge makope a chilichonse chimene mwapereka. Ndalamayo siibwera mawa lake, chifukwa amayamba atsimikiza kuti zimene munadulidwazo zinafikadi kwa iwo, ndipo ngati muli ndi ngongole ina ya msonkho amayamba achotsa imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muzikafunsa, mwaulemu koma mosatopa. Ndipo pamene simukumvetsa, pitani ku ofesi ya MRA imene ili pafupi nanu mukafunse. Safunsa anadya phula.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa inu ana anga akale amene tsopano muli m'maofesi, ena mwa inu ndinu amene mumalemba macheke n'kumadula anzanu. Mukamudula munthu wa ganyu, mupatseni pepala lake asanapemphe, ndipo mumuuze m'Chichewa chomveka kuti ngati chaka chino sapeza ndalama zambiri, akhoza kukaitenganso. Zimenezi sizingakutengereni mphindi ziwiri. Ndipo aliyense wa ife ali ndi azakhali, mlamu kapena mnansi amene anadulidwapo 20 peresenti pa ndalama imene inali yokhayo m'chaka chonse. Mukapita kumudzi pa tchuthi chikubwerachi, tengani pensulo, mukakhale nawo pakhonde, mukawawerengere.

Anzanga amene muli ndi makalasi a mayeso, limbani mtima, teremu yatsala pang'ono. Mukhale bwino nonse.